Manda Amene Analingana ndi Mfumu

Tsiku limene Kalipinde anavekedwa ufumu wa Anyamgodi, analonjeza chinthu chimodzi chokha, n'chifukwa chake anthu anachikumbukira. Mafumu a masiku ano amalonjeza ngati akuwaza madeya a nkhuku, ndiye ndani angatole zonsezo?

Anaima pakati pa msika wa Weramani, pamwala wosalala umene pansi pake panagona Nampinga, mkazi wa Kadzamira wosula zitsulo. Nampingayo ndi amene anafukula Kalipinde ndi zala zake mgodi wa mkuwa utagumuka. Atamukoka miyendo n'kumutulutsa, thanthwe lachiwiri linagwa n'kupeza mayiyo. Tsono Anyamgodi saika munthu kutali ngati kuti anawalakwira. Amamuika pansi pomwe ankagwirira ntchito, kuti amoyo azimuponda, azimva phokoso la anzake, asasungulumwe. Nampinga ankagulitsa bowa, choncho anamuika pamsika, n'kusiya malo pambali pake odzagona mwamuna wake.

"Kadzamira mnzanga," inatero mfumu yatsopanoyo, misozi ikulowerera m'ndevu, "nthawi yonse imene ndevu izi zili pachibwano panga, piki sidzakhudza mwala wa mkazi wako. Ukadzatopa nalo dziko, malo ako udzawapeza pomwepa."

Inatenga mphete ziwiri zamkuwa, ina n'kumanga m'ndevu zake, ina m'ndevu za Kadzamira. Ndi mmene anthuwa amamangira pangano, kuti munthu azilikhudza nthawi iliyonse imene akupukuta msuzi.

Kadzamira sanapirire kuponda mkazi wake tsiku ndi tsiku, ngakhale mwambo unkati kutero ndiko chikondi. Anakwera kunja kwa phiri, kudziko la Atalitali, kumene anakhala akusula makasu mpaka ndevu zake zinachita mbuu ngati phulusa. Kumeneko ankalekeza m'chiuno mwa aliyense. Ana ankamulondola pamsewu, akuluakulu ankamuyankhula mokweza ngati ufupi umagonthetsa m'makutu. Zonsezo ankazimeza, chifukwa ankadziwa kuti pansi pa phiri pali dziko limene munthu amamuyeza ndi kulemera kwa nyundo yake, ndiponso mwala wina umene ukumudikira.

Mawondo atayamba kulira ngati chitseko chakale, anamanga katundu. Sanatenge zambiri: nyundo, chofunda, ndi makwerero ake amene ankakwerera pabedi la Atalitali. Kwawo kunalibe chinthu chotere. Mnyamgodi sadziwa kumanga chokwera m'mwamba, amangodziwa kukumba. Akafuna nyumba, amachotsa mwala wosafunika mpaka nyumba itatsala. Akafuna mpando, amasema mozungulira mpaka mpando utatsala. Kusanjika chinthu pamwamba pa chinzake amati ndi ntchito ya chiswe.

Njira ya kwawo ankaidziwa ndi mapazi. Koma atafika pamene kale ankakhotera kulowa mumsika, njirayo inangothera m'malere. Kutsogolo kunali chiphompho, nyali zikuthwanima kunsi kwenikweni. Pamphepete panali msilikali atakhala pambali pa chingwe.

"Mfumu mwaionera pati, madala?" anafunsa msilikaliyo, osadzuka.

"Sindinaione."

"Yankho lake ndi lakuti kutali."

"Nanga ngati sindinaione?"

"Ndiye kutali kwenikweniko. Gwirani chingwe. Chimtengo chamanomanocho mutsika nacho?"

Pansi anafikira m'madzi olekeza mu akakolo. Msika unalipo ndithu, fungo lake lomwe lija la mileme yowamba ndi mafuta a nyali, koma ogulitsa anali atayala malonda pamiyala yotuluka m'madzi, aliyense akutsokomola mwa njira yakeyake. Anayenda akuyang'ana pansi, kufunafuna mwala wosalala uja, mpaka mawu anamubaya kumsana.

"Ha! Akufa aja ayamba kubwerako? Alamu, ndinu kapena ndi mzukwa wanu?"

Anali Nachisale, mng'ono wake wa Nampinga, atakhala kuseri kwa lichero la bowa, mano atatsala owerengeka koma lilime lili lonse.

"Ndine ndemwe, alamu. Mkazi wanga mwamuika kuti?"

"Mukumufuna pansi? Achemwali anakwezedwa pantchito atamwalira. Koma musayang'ane msanga, pali lamulo. Yambani mwayerekeza kuti khosi lakuuma."

Kadzamira anapotoza khosi. Chakum'mawa kwa msika kunaima chipilala chamwala, chachitali, chosemedwa mbali zonse. Pamwamba pake, pafupi ndi denga, anazindikira m'mphepete mwa mwala umene iye mwini anausalaza. Chakumadzulo kunaima china chofanana nacho, chokutidwa ndi nsalu zofiira, pamwamba pake pali kachinthu kovala chisoti.

Nachisale anamukhazika pamwala n'kumufotokozera, uku akuthamangitsa achule pamalonda. Chaka china kunabwera amalonda a kwa Atalitali kudzagula mkuwa. Mmodzi wa iwo, munthu waulemu wake ndithu, anasisita mfumu pamutu n'kuifunsa kuti bambo ake ali kuti. Mfumu inadwala mpaka nyengo ya bowa inatha. Itachira inasintha dzina n'kukhala Gundamitambo Woyamba, ngakhale mtambo inali isanauonepo, ndipo inakhazikitsa Unduna wa Msinkhu, n'kuupereka kwa a Chikwezeni, munthu amene luso lake lonse linali kuvomera mofulumira kuposa anzake.

Bwalo linakhala pansi kufuna njira yotalikitsira mfumu. Kuikoka miyendo kunakanika. Kuisanjika pamwala kukanakhala kuvomereza kuti inali yaifupi. Pamapeto a Chikwezeni anapeza nzeru yachinyamgodi yeniyeni: mfumu ikhale pomwe ili, dziko ndilo litsike. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse anthu ankakumba pansi pa nyumba zawo, pa misewu ndi pa msika, kusiya pokhala mfumu pokha. Nduna nazo zinasiyiridwa zipilala zawo, china cholekeza apa, china apo, monga mwa udindo. Ntchitoyo inatchedwa Chitukuko.

"Ndiye tatukuka mpaka tapeza madzi," anatero Nachisale. "A Nduna akuti tithokoze, kale tinkakatunga kutali."

"Nanga akufa ena?"

"Timatsika nawo. Amuna anga ndawasamutsa kambirimbiri. Ali moyo sankayenda chonchi, ngakhale kukatunga moto. Achemwali okha ndi amene okumba amawalambalala, chifukwa cha kamkuwa kali m'ndevu zanuko. Ndiye onani, wogulitsa bowa walingana ndi mfumu. Anakhazikitsa Lamulo la Khosi, loti aliyense asayang'ane kum'mawa kopitirira phewa. Chipilalacho kulibe, alamu. Tonse timachizungulira bwinobwino kuti tisagunde chinthu chomwe kulibe."

Mkuwa uja Kadzamira anaugwira, mtima wake n'kukhala pansi. Dziko linali litapenga, koma pangano linali chilili. Chimene chinamupweteka n'chakuti mkazi wake anakhala zaka zonsezi yekhayekha kudenga, wopanda phazi lomuponda.

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Sananene kuti kalumoko nthawi zina kamacheka mwini wake. Kadzamira anatola mitengo yakale yochirikizira migodi, nasula misomali, n'kulumikiza makwerero ake mpaka anatalika. Anthu ankamuzungulira akufunsana kuti kodi chimenechi ndi chowambira mileme kapena ndi msampha. Tsiku la msika waukulu anawatsamiritsa pa chipilala chomwe kulibe chija, n'kuyamba kukwera, tsache lili kumsana, kaphukusi ka bowa wowotcha kali m'kamwa.

Pamwamba anasesa zitosi za mileme. Anaponda mwalawo ndi mapazi onse awiri, pang'onopang'ono, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, monga mwa mwambo. Kenako anakhala pamalo ake omwe, miyendo ili lendelende, namasula kaphukusi.

"Ndabwera, mayi," anatero. "Kunja kuja kulibe nkhani. Kuli chinyali chimodzi chachikulu chimene palibe amene amachithira mafuta, ndiye anthu ake ndi aulesi. Bowa wawo ndi madzi okhaokha."

Atakweza maso, anaona kuti kutsidya kwa msika, pamsinkhu womwewo, munthu wachisoti uja akumuyang'ana. Anayang'anana. Kenako kadzanja kanatuluka m'nsalu zofiira, n'kugwedezeka pang'ono, ngati ka mwana amene amuletsa kupereka moni kwa alendo.

Pansi malonda onse anaima. Anthu onse anali atathyola Lamulo la Khosi nthawi imodzi. Mtembo wolingana ndi mfumu ankatha kuuiwala. Koma munthu wamoyo, wotafuna, wogwedeza miyendo, ameneyo anali nkhani ina.

Bwalo linaitanidwa mwamsanga. Kuitana kwake sikunavute, popeza nduna zonse zinkakhala pazipilala zawo zomwezo, zikudya ndi kugona pomwepo. Zinangotembenuka n'kuyamba kukuwirana, anthu akumvetsera kunsi ngati akumvera nyimbo za mileme.

"Dziko lili pangozi!" anakuwa a Chikwezeni, amene chipilala chawo chinalekeza m'munsi pang'ono mwa mapazi a mfumu. "Msinkhu wa mfumu, umene tauvutikira ndi thukuta la anthu athu okondedwa, wafikiridwa ndi wosula makasu!"

Nduna ya Miyambo inati malemuwo angopatsidwa unduna, nkhani ithe. Anaikumbutsa kuti nduna siingalingane ndi mfumu. Inati ndiye akwatiwe ndi mfumu. Anaikumbutsa kuti mwamuna wake ndi amene wakhala pamwambapoyo. Nduna ya Chakudya inati mfumu ikhalire pilo. Pamenepo panabuka phokoso, ena akuti ndi mawu oukira, chifukwa pilo ndi kusanjika, ndipo kusanjika ndi kunena kuti panali choperewera. Ndunayo inapepesa, niti inanena ili ndi njala.

Mapeto ake anagwirizana chimene Anyamgodi amagwirizana nthawi zonse akathedwa nzeru: kukumba. Lamulo linatuluka loti dziko litsikenso mwapadera, kuti mfumu italike kuposa mandawo. Anthu anakumba, madzi anafika m'mawondo, achule anasamukira m'miphika. Atatha, a Chikwezeni anatsinzina diso limodzi, natambasula chala, nayeza. Mfumu inali itatalikadi. Manda nawo anali atatalika chimodzimodzi.

"Achemwali ndi akhama," anatero Nachisale pamsika. "Mfumu ikakula, iwo akula. Mkaka wake ndi umodzi."

Apo m'pamene Kadzamira anaitanidwa kukaonekera. Njira yopitira kwa mfumu inali imodzi, dengu la chakudya. Anamukweza pamodzi ndi mphika wa ndiwo, chingwe chikulira, iye atakumbatira chivundikiro kuti msuzi usamutayikire.

Pamwamba anapeza malo osakwana kugona anthu atatu. Pampando panali nkhalamba yowuma, miyendo itafota ngati mizu ya bowa, ndevu zitadzipinda pamiyendo. Mphete inalimo, itachita ndere zobiriwira. Dengu linaima m'mphepete, mphuno zawo zitatsala pang'ono kugundana.

"Kadzamira," inanong'ona mfumu. "Wakalamba, iwe."

"Inunso, Mfumu, simunatsale."

"Usanditchule zimenezo, kuno kulibe anthu." Inasuzumira kunsi, n'kubwezanso mutu msanga. "Ukudziwa kuti mkazi wako ndi yekhayo amene ndimacheza naye? Ena onse ndimawaona pa liwombo. Nduna zanga ndimazidziwa ndi dazi. Iye yekha ndi amene ali pamaso panga. Ndimamuuza zonse. Sanandiyankhepo zoti kutali."

"Ndiye mumusiye pomwepo. Ine sindinabwerere china. Ndikufuna ndidzagone pambali pake, basi."

"Ndani wanena zomuchotsa? Mphete iyi sukuiona?" Mfumu inanyambita milomo, niyandikira. "Tandiuza. Chimtengo chako chija, chimangokweza, kapena chimatsitsanso?"

"Chimachita zonse ziwiri."

"Ngakhale munthu wa miyendo ngati iyi?"

"Ndingakuberekeni."

Maso a nkhalambayo ananyowa. "Ndiwo zimafika kuno zitazizira, Kadzamira. Chiyambire Chitukuko sindinadyepo chotentha. Ndikufuna ndikakhale pachipala pako posulira paja, ndizikupopera mvukuto ngati kale, undilalatire kuti ndikupopa ngati wodwala. Ubwere nacho. Ubwere nacho msanga."

Kunsi kwa mapazi awo wina anatsokomola mwaulemu. A Chikwezeni anali ataimirira pa chipilala chawo, khutu lili m'mwamba ngati la mbewa.

"Gundamitambo, wamuyaya, pepani kulowerera," anatero motsitsa mawu. "Kutsika mutha kutsika, dziko ndi lanu. Koma tayang'anani kaye anthu anuwo."

Mfumu inayang'ana. Kunsi kunali mitu yambirimbiri, yonse itapenya kumwamba, matupi ali m'madzi.

"Anthu amenewo akumba moyo wawo wonse. Afukula amayi awo, asamutsa ana awo akufa, akutsokomola magazi. Amapirira chifukwa amadziwa kuti mfumu yawo ndi yaitali. Tsono mukatsika, mukaima pakati pawo, n'kupezeka kuti mukulekeza m'khutu mwa wogulitsa mileme, adzafunsa kuti takumbiranji. Ndipo pofunsapo mapiki adzakhala ali m'manja. Ine sindikudziderera nkhawa ayi. Ndikuganizira inu."

Mfumu inabweza mutu. Kadzamira anaona dzanja lake likupita kundevu, likufufuza mphete, likuipeza, n'kuisiya. Kenako nkhalambayo inawongola chisoti, nikweza chibwano, n'kufuula ndi mawu amene Kadzamira sanawadziwe, mawu oti amveke mpaka kumsika:

"Iwe wosula makasu! Wandionera pati?"

Mpweya wa mfumu unkamufika kumaso, wonunkha ndiwo zadzulo. Ankatha kuwerenga nsabwe m'ndevu zake. Yankho loona linali pa lilime, lalifupi, lokoma. Kwa Atalitali anakhala zaka zonse zija osanamizira msinkhu wake ngakhale kamodzi. Koma kuseri kwa phewa la mfumu ankaona mwala wosalala uja, woseseka bwino, ndi malo ake pambali.

Anagwada m'dengumo, bondo limodzi lili mumsuzi.

"Kutali, Mfumu!" anakuwa. "Ndinakuonerani ndili kwa Atalitali! Mutu wanu unabowola phiri, mbalame zikumangapo zisa! Atalitali akafuna mthunzi amakhala pansi pa ndevu zanu!"

Nduna zinaomba m'manja. Kunsi nthungululu zinamveka, zotsokomola pakati. A Chikwezeni anapukuta msozi, nalamula kuti mawuwo aziphunzitsidwa kwa ana.

"Wayankha bwino," inatero mfumu, maso ili nawo kwina. "Mutsitseni."

Atafika pansi, Nachisale anamuyang'ana bondo lonyowa lija. "Alamu, kunja kuja munkasula makasu kapena mabodza? Limeneli ndiye lakuthwa. Likalima."

"Ndagula manda a mkulu wanu," anayankha Kadzamira. "Mtengo wake unali umenewo."

"Mwalipira musanalandire katundu? Pamsika pano sititero."

Nyali zitayatsidwa tsiku lotsatira, wolengeza malamulo anayenda mumsika akuimba chitsulo. Loyamba linali lakuti chimtengo chamanomano, pokhala chida chachilendo chosokoneza kusiyana kwa pamwamba ndi pansi, chaotchedwa, ndipo phulusa lake lamangidwa. Lachiwiri linali lakuti wosula makasu Kadzamira wapatsidwa ulemu wa Mboni Yaikulu ya Msinkhu. Lachitatu linali lakuti malemu mayi Nampinga, pokhala munthu wodzichepetsa amene dziko lonse likumudziwa, apempha okha kuti atsike adzakhale pakati pa anthu awo, ndipo mfumu mwa chifundo chake yavomera.

"Apempha okha," anatero Nachisale, akusanja bowa wake m'timilu. "Ali moyo sankapempha ngakhale mchere."

Kadzamira anayang'ana kumadzulo. Munthu wachisoti uja anali atatembenuza mpando, msana uli kum'mawa. Ndevu zake zinkalendewera m'mphepete mwa chipilala, zazitali, zonse zilipo, kamkuwa kakuphethira pakati. Dzanja linakwera, nyundo yachifumu inagunda mwala, okumba analavulira m'manja.

Piki yoyamba inakhudza mwala wa Nampinga msika usanadzaze, ndipo pofika nthawi yotsitsa mtengo wa bowa wotsala, pamalo a Kadzamira panali madzi.